Ndinadzitsekera M'chipinda, Mudzi N'kumva Kuti Ndapenga

Ngati yakupezani mbiri yoti alangizi a zaulimi opuma aja, a kuseri kwa phiri, achita misala, chonde ithere kwa inu. Ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, ndipo mbuzi zanga ndikuzizindikira zonse. Komabe amene anayambitsa mbiriyo sananame kwenikweni. Loweruka lapitali ndinadzitsekeradi m'chipinda n'kumakuwa ngati mwana.

Mlandu wonse ndi wa Takondwa.

Takondwa ndi mwana wa mlongo wanga. Anaphunzira za maganizo a munthu, ndipo amagwira ntchito pa chipatala china ku Dowa, komwe amathandiza anthu amene mutu wawalemera. Kuno kumudzi amangoti "dokotala wa amisala," ngakhale iye wawongola mpaka kutopa kuti sabaya jakisoni, ndiponso kuti ambiri amene amawaona si amisala ayi. Chaka chino wabwereranso m'kalasi ku Lilongwe. Akuphunzira mwapadera za ana ndi achinyamata amene maganizo awafika pakhosi: mwana amene wasiya kudya ndi kugona, amene akumva mawu oti ena sakuwamva, amene akufuna kudzivulaza.

Nkhani ya sukuluyi sinalandiridwe ndi nthungululu pa banja pathu. Mlongo wanga anandiimbira foni.

"Achimwene, mwanayu sukulu yake idzatha liti? Digiri ali nayo, ntchito ali nayo. Anzake akubereka, iye akugulabe makope!"

Ndinayankha zokomera mbali zonse, monga amachitira malume wofuna mtendere. Koma mumtima nanenso ndinali ndi funso. Kulankhula ndi mwana, mpaka kukakhalira pa desiki? Ifetu talera ana opanda satifiketi iliyonse, ndipo akula.

Ndiye Lachisanu Takondwa anatulukira kudzationa, matope mpaka m'mawondo. Msewu wochokera ku Ntchisi Boma nyengo ya mvula ino mukuudziwa, wanjinga yamoto amakunyamulani theka, theka linalo mumamuthandiza kukankha. Loweruka m'mawa, mayi a kunyumba kwanga, aNabanda, atapita kuchigayo, Takondwa anandipeza pakhonde ndikukhomerera mpini wa khasu.

"Amalume, mundithandize ntchito ya kusukulu."

"Ya masamu ndiye ayi."

"Si masamu. Sabata yamawa tili ndi mayeso ochita pamaso pa aphunzitsi. Wina amakhala mwana wovutika, ine n'kumamuthandiza. Ndikufuna kuyeserera. Inu mukhale mwanayo."

Ndinadziyang'ana. Imvi, chimimba, bondo lolira ndikamadzuka.

"Muli Fomu 3," anapitiriza ngati sakuona chilichonse. "Mwadzitsekera kuchipinda kuyambira dzulo, simukufuna kuona munthu. Musandimvere chisoni, amalume. Mundivute."

Pa msinkhu wangawu munthu sapatsidwa kawirikawiri chilolezo choti avute. Komanso amene amapemphera nane akudziwa kuti masewero a Khirisimasi Herode ndimakhala ine, ndipo ana amandithawa mpaka Januwale. Ndinaika khasu pansi, ndinalowa kuchipinda, chitseko mbee!

"Chokani! Ndisiyeni! Palibe amene amandimva pakhomo pano! Bola ndingochoka, mupume!"

Ndinkadikira kuti agogode, anyengerere, kenako aopseze. Ndi mmene timachitira tonse. Koma ndinangomva akukhala pansi kunja kwa chitseko.

"Ndine Takondwa. Sindilowa ukapanda kufuna. Ndikhala pompano."

Basi, n'kukhala chete.

Abale, chete ameneyo! Ndinali nditakonza mayankho amwano okwana dengu, koma panalibe powatayira. Ndinakhosomola. Ndinayang'ana kudenga. Mapeto ake ndine ndinafunsa, "Kodi mudakali pomwepo?"

"Ndili pompano. Wanena kuti bola ungochoka. Ukunena zopita kwina, kapena ukuganiza zodzipha?"

Apo sewero linandithawa. Ndinatsegula chitseko ndili malume weniweni.

"Iwe! Mwana amafunsidwa zimenezo? Si kumupatsa nzeru zoipa kumeneko?"

"Ayi, amalume. Funso silidzala ganizo limene mulibe. Koma ngati lilimo, mwanayo wakhala akulisenza yekha, ndipo akamva munthu wamkulu akulitchula osanjenjemera, amaona kuti n'zotheka kulikamba. Lowaninso, simunandivute mokwanira."

Simunandivute mokwanira! Mawu amenewo anandipweteka. Ndinalowanso, ndinakuwa kuposa poyamba, ndinavula nsapato n'kuigenda pachitseko.

Nthawi yomweyo ndi imene aNachisale, oyandikana nafe, ankafika kuseri kwa nyumba ndi nkhwani zoti apatse aNabanda. Anamva kukuwa, anamva nsapato. Sanadikire kuti amve zambiri. Nkhwani anazitaya pomwepo, liwiro kulowera kuchigayo, ndipo aliyense wokumana naye m'njira ankalandirako mawu awiri atatu.

Pamene ndinkatsegula chitseko kachiwiri, thukuta lili kamukamu, nsapato phazi limodzi, pabwalo panali anthu. Kutsogolo aNabanda, ufa uli pamutu. Pambuyo pawo mkulu wa mpingo atagwira Baibulo, anyamata awiri amphamvu amene anaitanidwa kuti adzandigwire, ndi ana osawerengeka.

ANabanda anatula ufa mwaulemu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku phazi lopanda nsapatolo.

"Ndinkadziwa ine," anatero, "kuti zolembalemba zanu za m'nyuzizi zidzafika pamenepa."

Takondwa atafotokoza, pabwalo panagwa phwete. Anyamata aja anadandaula kuti athamangira pachabe. Mkulu wa mpingo anati popeza wabwera kale apemphere ndithu, ndipo anapempherera "mnyamata wathu wa Fomu 3" mpaka aNabanda analephera kunena ameni chifukwa cha kuseka. Anthu anabalalika, aliyense atanyamula nkhani yokafotokoza kwawo.

Anatsala munthu mmodzi. ANachisale anatola nkhwani zawo zija, anakhala kumapeto kwa khonde, n'kumapotokola nsonga ya chitenje. Iwo sanaseke kwambiri.

"Mwana wanga," anatero kwa Takondwa, "mawu ankanena alangiziwa, munawatenga kuti?"

"Angowapeka okha, amayi."

"Lonjezo wanga akumanena omwewo. Koma iye sakuchita sewero."

Lonjezo ndi mwana wawo wachiwiri, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, goloboyi wa timu ya m'mudzi muno. Tonse tinkadziwa kuti anapita kwa azakhali ake ku Chezi, chifukwa ndi zimene tinauzidwa. Sanapite ku Chezi. Anali m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba yawo, ndipo makolo ake ankamubisa chifukwa cha manyazi.

Mayi ake anafotokoza akuyang'ana pansi. Zinayamba pang'onopang'ono, mnzake wapamtima, yemwe ankakhala naye desiki imodzi, atamwalira mwadzidzidzi Khirisimasi isanafike. Maliro amenewo tonse tinalipo. Tinapepesa makolo, tinapepesa agogo, tinapepesa amalume. Lonjezo tinamutuma nkhuni. Sukulu itatsegulira anapitako pang'ono n'kusiya. Kenako anasiya mpira, anasiya kusamba, tulo tinatha. Bambo ake, a Bisalomu, anati ndi chamba, anasecha m'matumba monse osapeza kanthu. Agogo ake anati alodzedwa. Mapemphero anachitika. Malangizo oti alimbe mtima poti ndi mwamuna anaperekedwa m'mawa ndi madzulo. Sabata imeneyo anali atayamba kugawa zinthu zake, mpaka magolovesi ake a pagolo anapatsa mng'ono wake.

Ndinaona nkhope ya Takondwa ikusintha. Mwana amene ankandiseka posachedwapa anachoka, panabwera munthu wina wodekha kwambiri.

"Panopa ali ndi ndani?"

"Ali yekha. Abambo ake ali kudimba."

"Tiyeni tsopano lino. Mankhwala opopera fodya mumasunga kuti?"

"M'chigafa momwemo."

Anatembenukira kwa ine. "Amalume, imeneyo ndi ntchito yanu. Mukatenge onse, akakhale kwanu. Muwauze a Bisalomu zoona, musawanamize."

Ndinavala nsapato inayo.

Titafika, Takondwa anapempha chinthu chimene sindinachiyembekezere: mondokwa awiri ootcha. Atapsa anawatenga, anaima pakhomo pa chigafa, anadzitchula dzina, anapempha kulowa. Ndinkaona chapatali. Sanakhale moyang'anizana ndi Lonjezo ngati wapolisi. Anakhala chapambali, onse awiri akuyang'ana kumunda, chimanga chimodzi anachiika pakati pawo, chinacho n'kumakukuta yekha.

Ine ndinatsikira kudimba. A Bisalomu ndi munthu amene ndagwira naye ntchito zaka zambiri, mlimi wakhama, wosakonda zocheza pa nthawi ya ntchito. Nditawauza chimene ndabwerera, anabaya khasu pansi.

"Ndiye mayiwa akalengeza? Mudzi wonse udziwe kuti kwa Bisalomu kuli wamisala?"

"Mudzi lero uli kalikiliki ndi misala yanga, a Bisalomu. Za kwanu palibe akudziwa."

Sanaseke.

"Alangizi, tandiuzani. Mwana wa msinkhu umenewu angaganize chiyani? Sagula feteleza. Sadyetsa banja. Akudya, akuvala, fizi ndikulipira. Maganizo akuwatenga kuti?"

Ndilibe maphunziro a Takondwa, ndiye ndinangonena zimene ndinali nazo. "Chimene chamuvuta sindikuchidziwa. Inunso simukuchidziwa. Koma mwana akagawa zinthu zake n'kumati bola achoke, ine mabotolo a mankhwala aja ndinyamula. Mukafuna mudzandizenge mlandu mawa."

Zoti mwana wawo wagawa zinthu zake anali asanamve. Anazula khasu lija, anatsogola. Takondwa ndi Lonjezo anali atasamukira pansi pa mtengo wa mango, ndiye tinalowa m'chigafa mwakachetechete. Mabotolo anandisonkhanitsira okha, n'kulowanso m'nyumba kukatenga ena amene ine sindinawatchule n'komwe. Anawaika onse m'thumba n'kumanga.

Awiri aja anakhala pansi pa mango mpaka dzuwa linapendeka. Chimanga chachiwiri chija chinadyedwa, zimenezo ndinaona ndi maso anga. Kenako Takondwa anapita poduka mphepo kukaimbira foni mphunzitsi wake, anaimbanso ina kuchipatala, n'kuitana makolo onse awiri, Lonjezo ali pomwepo.

"Ndagwirizana ndi Lonjezo zimene ndikuuzeni, ndipo zina zikhala pakati pa iye ndi ine," anatero. "Si chamba. Si mwano. Akudwala, ndipo matendawa amathandizika. Asakhale yekha ngakhale pang'ono, ndipo tipite kuchipatala lero lomwe, osati Lolemba. Akamuyeze thupi lonse, aonanenso ndi amene amaona za maganizo. Ndawaimbira, akutidikira."

ANachisale anayamba kumanga chitenje kuti anyamuke. A Bisalomu anakweza dzanja.

"Khalani, amake Lonjezo. Ndimuperekeza ndine."

Analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete ya ku tchalitchi. Tinaitana njinga zamoto ziwiri, mitambo itayamba kale kuda kumapiri. Za m'njira ndinamva kwa Takondwa. Pa chitunda china choterera njinga ya a Bisalomu inagona chammbali, iwo n'kukhala pansi m'matope, jekete ndi zonse. Sanavulale. Anadzuka, anadziyang'ana, n'kunena kuti, "Amayi ako usakawauze." Ndipo Lonjezo, amene anali asanamwetulire chiyambire chaka, anaseka. Pang'ono pokha, koma anaseka.

Takondwa anabwerako Lamulungu, atawasiya m'manja mwa achipatala. Ine, monga munthu wolemba, ndinamukonzera tiyi wamkaka, ndinamusendezera mpando.

"Ndiye mnyamata uja anakuuza zotani?"

"Amalume, inu mumalemba m'nyuzi."

"Ndikufunsa ngati malume."

"Ngati malume ndiye tiyiyu ndalandira. Zikomo."

ANabanda anayesanso njira yawo kukhitchini, ya kunong'ona ndi kuusa moyo. Anabwerako chimanjamanja. Mwana amene tinamusintha matewera ife!

Popeza za Lonjezo zinakanika, ndinafunsa funso langa lakale lija. Kusukulu kwakoko akukuphunzitsa chiyani chimene sunkachidziwa?

"Poyamba ndinkathandiza mwana ngati munthu wamkulu wofupika," anatero. "Wamkulu amabwera yekha n'kunena kuti ndili ndi nkhawa. Mwana sanena choncho. Amati mutu, amati m'mimba, kapena amayamba ndewu, kapena amangoti zii. Ndipo sabwera yekha. Kumbuyo kwake kuli bambo, mayi, agogo, aphunzitsi, aliyense ndi yankho lake. Ukapanda kuwatenga onsewo, zimene wamanga masana zimakaphwasuka madzulo kunyumba."

Anatchulanso zina. Kudziwa nthawi imene kucheza kukukwanira ndi nthawi imene mwana akufunika dokotala tsiku lomwelo. Kukumbukira kuti malungo akakwera kumutu amatha kuoneka ngati misala, choncho thupi liyenera kuyezedwa. Kudziwa chinsinsi choyenera kusunga ndi choyenera kuuza makolo kuti mwana apulumuke, ndiponso kumuuza mwanayo poyera usanachiulule, kuti asadzaone ngati wamugulitsa.

"Nanga chete uja?" ndinafunsa.

"Ameneyo ndiye anandivuta kuposa zonse. Kwathu kuno mwana akakhala chete, wamkulu amadzaza mpatawo ndi malangizo. Aphunzitsi anga anandibweza kangapo chifukwa cha pakamwa."

Pamenepo ndinakumbukira ntchito yanga. Mbozi ya ntchemberezandonda itafika m'minda, ife alangizi, ena imvi zili mbuu, tinaitanidwa kukakhalanso m'kalasi. Palibe anatifunsa kuti sukulu yathu idzatha liti. Aliyense ankamvetsa kuti chimanga chili pa ngozi. Ndiponso mlimi aliyense wa fodya akudziwa kuti mbande za pa nazale sizisamalidwa ngati fodya wa m'munda. Madzi ake ndi ena, manja ake ndi ena. Pa mbewu timazimvetsa bwino zimenezi. Pa ana athu bwanji zimativuta?

Madzulo omwewo ndinaimbira mlongo wanga. Ndinamuuza kuti makope aja amusiye azigula, ndipo akasowa ndimugulira ndine.

Tsopano ndilankhule nanu, anzanga a m'mapiri muno.

Mwana akasintha khalidwe tili ndi madengu atatu omuponyamo: chamba, ufiti, mwano. Akakhala mtsikana timawonjezera lachinayi, timayamba kumuyang'ana pamimba. Dengu loti mwina akudwala, kapena mtima wake wasweka, m'nyumba zambiri mulibe. Timaganiza kuti maganizo ndi katundu wa akuluakulu, amene amabwera limodzi ndi ndevu ndi mitengo ya feteleza. Kodi chisoni chimafunsa zaka? Mantha amayamba wakwatira?

Chamba chilipo, sindikukana, ndipo chawononga ana ambiri. Mwano uliponso, ndalera ana ine. Koma tikathamangira mayankho amenewa tisanafunse, timatseka pakamwa pa mwana amene mwina anatsala pang'ono kulankhula.

Za pemphero musandimve molakwa. Ndine wa mpingo, ndipo Loweruka lomwelo tinagwada ndi aNabanda kupempherera njinga ziwiri zija. Koma mwana akathyoka mwendo timapemphera uku tikumunyamula kupita kuchipatala. Palibe amene amamubisa m'chigafa n'kumauza anthu kuti ali ku Chezi. Manyazi amenewa timawasungira matenda a maganizo okha, ngati kuti mutu si chiwalo cha thupi.

A Bisalomu ndi aNachisale si anthu oipa. Mwana wawo amamukonda, ndipo anachita zonse zimene ankazidziwa. Chimene chinasowa ndi munthu wodziwa funso loyenera, wolimba mtima kulifunsa, ndi wodziwa chochita yankho likabwera. Zimenezi munthu sabadwa nazo. Ngakhale Takondwa, ndi digiri yake, anafunika kubwerera m'kalasi, ndipo ali pakati pa ntchito anaimbirabe foni mphunzitsi wake osachita manyazi.

Kwa inu amene mumakonza maphunziro oterewa, zikomo, ndaona ndi maso anga kuti si zongotayira nthawi. Koma ndili ndi pempho. Mwana savutikira pafupi ndi ofesi yanu. Amavutikira kuno, Loweruka, mvula ili pafupi kugwa, msewu uli phala. Posankha okaphunzira muzikumbukira amene amagwira ntchito m'zipatala za kumaboma ndi za mishoni, ndipo akamaliza asamathere onse mumzinda. Muganizirenso aphunzitsi a m'sukulu zathu, azaumoyo oyenda m'midzi ndi alangizi a kumipingo. Sakufunika digiri onsewa. Akufunika kudziwa zizindikiro, kudziwa kufunsa, ndi kudziwa kotumiza mwana msanga.

Lachinayi a Bisalomu anabwera kwathu. Lonjezo anatuluka m'chipatala, akugona tulo, akudya, ndipo anamupatsa tsiku loti adzapitenso. Sindikunena kuti wachira. Kusukulu sanabwerere, ndipo masiku ena akumadzuka wolemedwa. Koma akugona m'nyumba, osati m'chigafa, ndipo mkulu wake wasamutsira mphasa yake m'chipinda chomwecho.

Ndinawapempha chilolezo choti ndilembe nkhaniyi. Anati akafunse kaye mwini wake. M'mawa mwake anabwera ndi yankho.

"Akuti lembani, koma musinthe maina, ndipo musalembe kuti timu yawo imagonja."

Maina ndasintha. Za timuyo sindinenapo kanthu.

"Inenso ndili ndi langa," anatero a Bisalomu akudzuka. "Mulembe kuti anamuperekeza ndi bambo ake."

Ndalemba, a Bisalomu.

Nkhani m'mudzi siyenda ndi mwendo umodzi. Chichokereni Takondwa, kwathu kwabwera kale amayi awiri, aliyense payekha, aliyense ndi chifukwa chake chobwerera. Wina ankafuna mbewu ya nyemba, wina anadzabwereka sefa. Atacheza za mvula ndi za mitengo ya zinthu, onse anafika pa funso limodzi, motsitsa mawu: "Kodi mwana wanu uja abweranso liti?" Wina ndi za mtsikana wake amene akumadzicheka pamkono. Winayo anangoyamba kulira.

Ndinawauza kuti asadikire Takondwa, apite kuchipatala msanga akafunse amene amaona za maganizo, ndipo aNabanda anaperekeza mmodzi mpaka pokwerera njinga.

Amenewo ndi a mudzi umodzi, sabata imodzi, ndipo ndi okhawo amene analimba mtima kubwera. Inu amene mukuwerenga, pakhomo panu pali mwana amene masiku ano wangoti zii. Mwamuponya kale m'dengu liti? Musanatero, mwamufunsa?